Tengani Mmene Anaisiyila

"Mbuzi zija zili kuti?"

A Whiteson Daka anafunsa asanapeleke n'komwe moni. Anaima pakati pa bwalo chipewa chili kumutu, ngati pakhomopo panalibe mwini. Jennipher, mkazi wa malemu mng'ono wao, anali pamphasa ndi dilesi lake lakuda, akuswa nshawa za mbewu. Sanadzuke.

"Mwauka bwanji, a mulamu?"

"Ndafunsa za mbuzi. Khola lili pululu."

"Ndagulitsa."

"Wagulitsa! Wauza ndani?"

"Ndinauza mbuzizo. Sizinakane."

A Whiteson anavula chipewa n'kuchivalanso. "Pakamwa pakopo ndi pamene panatopetsa Lazarous. Iwe udziwa bwino kuti khoti linaika ine kukhala adiministileta, woyang'anila chuma cha malemu. Kalikonse kotuluka pakhomo pano kayenela kudzela kwa ine."

"Zambili zadzela kale kwa inu, ndipo palibe chinabwelako. Njinga inadzela kwa inu. Sola ya magetsi inadzela kwa inu. Matilesi amene anafelapo m'bale wanu mugonapo ndinu, kaya tulo mumatipeza bwanji. Koma mbuzi zija zinachokela kwathu ku Kalindawalo. Anandipatsa ndi amai anga pobwela kuno ku Luembe, zinaswana m'manja mwanga. Lazarous sanagulepo ngakhale chingwe chake."

"Ndiye ndalama zake wadyela chiyani?"

"Sindinadye. Ndagula valuvu ndi mapaipi. Ndifuna kuutsa thalakita."

A Whiteson anacheukila pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wadya kale.

Thalakitayo inali yaing'ono, yofiila mozilala, matayala akumbuyo olekela m'chiuno mwa munthu. Lazarous ndi Jennipher anaigula yogwilapo kale nchito, ndi thonje la zaka zambili limene onse awili anathyola mpaka zala kung'ambika. Kulima inkalima bwino, koma kumbuyo kwake kunalibe potulukila mafuta a haidiloliki. Mafutawo ankangonyamula mikono ya pulawo basi. Ngolo ya tipa imene anagula pambuyo pake inkafuna mafuta omwewo kuti idzuke ndi kukhuthula yokha, ndiye mchenga ndi manyowa ankatsitsa ndi fosholo, msana n'kumalila. Miyendo itayamba kumutupa, Lazarous anaphunzitsa mkazi wake kuyendetsa, kenaka anati, "Ndikuikile mapaipi kumbuyoku, ngolo izikugwilila nchito ine ndikatopa." Anadula paipi yachitsulo yochoka ku pampu, anamanga kachitsulo kokhazikapo valuvu, n'kukagona. Sanadzukenso.

Tsiku logawa katundu, a Whiteson ndiwo anali oyamba kukwela pampando. Atangoliza injini, mafuta anatumphuka pa paipi yodulidwayo ngati magazi a ng'ombe yozingidwa, n'kuwanyowetsa thalauzi la pamalilo. Anthu anasekela m'manja. Iwo anatsika ataumitsa khosi, nati, "Chitsulo ichi tasiyila ana amasiye."

"Munakamba nokha," anatelo Jennipher, akutaya makoko pambali. "Mudzi wonse unamva."

"Ndinakamba, ndipo sindibweza mau. Koma kutaya mbuzi zamoyo m'chitsulo chakufa! Tamara ndi ang'ono ake adzadya mapaipi? Mkazi kuutsa thalakita! Ukaiutsa unditumile mau, ndidzavine."

"Nanga dilesi lakuda ili ndivula liti? Anzanga amene anafedwa pambuyo panga anasudzulidwa kale, avala zamaluwa, adya mbale imodzi ndi anthu. Ine ngakhale moni wa m'manja sandipatsa, ati ndili ndi malemu pathupi."

"Kusudzula mkazi wamasiye si kutsuka mbale. Banja likhale pansi kaye."

"Banjalo ndinu."

"Ndiye dikila."

Anatembenuka n'kumapita. Jennipher anawayang'ana kumsana mpaka anazimilila kuseli kwa nkhokwe. Chifukwa chochedwetsela mwambowo ankachidziwa. Mkazi wosasudzulidwa sabwelela kwao, sakwatiwa, sakweza mau. Amangokhala pamene amuika ngati mtondo, aliyense wofuna n'kumasinjilamo.

Makanika anafika panjinga yamoto kuchokela ku Kacholola, dzuwa la Okutobala litayamba kale kuluma. Dzina lao a Luckson Njobvu, bambo wonenepa wa timau tating'ono. Anayala saka pansi, anayalapo valuvu ndi mapaipi akuda onunkha shopu, n'kusuzumila pansi pa thalakita.

"Amene anadula apa anadziwa chimene achita. Anangosowa masiku."

"Masiku ndiwo anasowa," anatelo Jennipher. "Sunthani, ndilowe nane."

"Mulowe pansi pa thalakita, amai?"

"Mbuzi zina zokuitanilani ndilibe. China chikadzamasuka mvula ili mkati ndidzalilila ndani? Nati iliyonse ndimange ndine, inu muzingondiuza."

A Luckson anasuntha, koma anasuntha mopitilila, n'kusiya mpata woti n'kugonamo munthu wina. Sipanala sanamupatse m'manja, anaiika pansi kuti atole yekha. Jennipher anaitola. Anali atazolowela.

"Onani apa. Pampu ili imodzi chabe. Kale mafuta akachoka ku pampu ankathamangila ku mikono yonyamula pulawo. Manje tiwapatutsa. Ayambe alowa mu valuvu iyi, akatuluka apitilile ku mikono monga kale. Paipi yachitatu iyi ndi yobweza otsala ku thanki. Ziwili zotulukazi musadzazisinthanitse, mungaphulitse pampu. Mwamva?"

"Yolowa, yopitilila, yobwelela."

"Basi, mwatha sukulu. Ndiye awa ndi makapula, milomo iwili imene izikhala kumbuyo kuno. Ngolo ifuna umodzi, winawo ndi wa pulanta yobzalila mbewu mukadzalemela. Paipi ya ngolo muzingoikankha apa mpaka mumve kuti yagwila. Mukachotsa, tsekani ndi tizivindikilo ta labala iti. Fumbi ndiye mfiti ya haidiloliki."

Anagwila nchito mpaka mthunzi wa mango unawathawa. Mafuta akale ankadontha pa duku la Jennipher, nthaka inkatentha kumsana ngati chiwaya. Nati ina inakana, anailimbana nayo mpaka sipanala inapulumuka n'kumusenda chala. Anangochiika mkamwa n'kupitiliza.

"Odi pano!"

Anali Charity, mkazi wa a Whiteson, chidebe chili pamutu, maso ali pa miyendo inayi yotuluka pansi pa thalakita.

"Amake Tamara, kodi ndinu? Ine ndimati ndi ana asewela. Mayo ine! Manda sanaume, mwagona kale pansi ndi mwamuna wa mwini dzuwa lili pamutu?"

"Lowani nanunso, amake Teddy, malo alipo. Mutigwilile nati."

"Ine ndikuuzani chabe ngati mnzanu. Kuchitsime akamba."

"Akambe. Pakamwa sipalima munda."

Charity anatsonya n'kupita, madzi akumutayikila m'khosi. A Luckson anapukuta manja ndi kansanza, kenaka anati, "Amai, ndifunseko. Achibale a malemu avomela zimenezi?"

"Anakamba pa anthu kuti ndi ya ana."

"Anakamba ili yakufa. Ine ndakonzapo zigayo, mathalakita, magalimoto a anthu omwalila. Chikakhala chakufa ndi cha ana. Chikangolila, chimapeza atate aakulu. Nkhanga zinapangana kusanapse. Bwanji osayamba mwapita ku boma, akuluakulu akaimve nkhaniyi?"

"Ndipite ndi miyendo iti? Ndatopa, a Njobvu. Ndinatopa kuchipatala, ndinatopa pamalilo, ndinatopa tsiku logawa. Ndifuna kulima chabe. Mvula sidikila mlandu."

A Luckson anatsegula chigubu. Anathila mafuta atsopano, anauza Jennipher kuti alize. Injini inatsokomola, inalavula utsi wakuda, n'kugwila. Palibe dontho linagwa pansi. Mikono ya pulawo inakwela. Anakokela ngolo pafupi, Jennipher analumikiza paipi yake yekha, anakwela pampando n'kukoka chogwilila cha valuvu. Ngolo inabuula, inadzuka pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokalamba, masamba ouma ndi zitosi za nkhuku n'kutsetseleka pansi. Jennipher anafuna kuseka, koma nkhope inali itaiwala.

Masabata otsatila sanakhale pansi. Anatuta manyowa n'kukawathila milumilu m'munda mwake, kudikila pulawo. Anatuta mchenga wa kumtsinje wouma kupelekela omanga nyumba. Kale nchito imeneyo inkafuna amuna a mafosholo, manje inkafuna dzanja limodzi la mkazi. Ana anayambanso kumwa tiyi wa shuga. Amene ankakamba kuchitsime ndi omwe anayamba kufika m'mawa, ati amake Tamara, mvula ikagwa musatiiwale.

A Whiteson sanavine. Anabwela tsiku lina chakumadzulo, chipewa chili m'manja, n'kukhala pa kampando asanauzidwe.

"Amake Tamara, mwagwila nchito inu. Ine ndinadziwa kuti mungathe, kuja ndimakulimbitsani mtima chabe."

"Munati mudzavina."

"Ah, maondo akalamba, mulamu. Manje imvani. Mwana wanu Teddy waotcha njelwa, afuna kumanga mvula isanagwe. Mum'bweleke kiyi mailo atute."

"Ndikatuta ndine. Agule dizilo chabe."

"Inu mwatopa. Teddy ndi mwamuna, ayendetsa bwino."

"Kiyi sichoka pakhomo pano."

"Mulamu, chibale ndi fupa, sichiola."

"Fupa limenelo ndalitafuna mokwana. Mano atha."

Njelwa Jennipher anakatutadi. Teddy, mwamuna wa ndevu zake ndi mkazi wake, anakhala pambali pa thalakita tsiku lonse, ulemu uli tho. Amai aang'ono, ichi mukoka bwanji? Amai aang'ono, paipi iyi ilowa pati? Jennipher ankayankha, koma anali atazindikila kale chimene Teddy ankafuna. Munthu wofuna njelwa sayang'ana manja a woyendetsa.

Anabwela Loweluka lina m'mawa, mitambo itayamba kusonkhana chakum'mawa, Jennipher akumangilila pulawo. Patsogolo a Whiteson, kenaka Teddy ndi amuna ena a kubanja, Charity kumbuyo kwenikweni. Anthu oyandikana nao anatuluka m'nyumba zao n'kuima m'mphepete mwa bwalo, pakuti fungo la mkangano limafika msanga kuposa la nyama.

"Banja lakhala pansi," anatelo a Whiteson, chipewa chili kumutu.

"Lakhala pansi? Ndiye mwabwela kudzandisudzula."

"Za kusudzula zili ndi nthawi yake. Tagwilizana kuti thalakita ikasungidwe kwa ine. Iwe uiononga ndi mchenga. Ndiponso chuma cha ana sichingakhale m'manja mwa munthu amene mailo akwatiwa kwina."

"Ndikwatiwa bwanji ndili m'chakuda? Ndani angandifune, pamene ngakhale moni muopa?"

"Bweletsa kiyi."

"Munati mwasiyila ana."

"Ndipo ndi ya ana. Tate wao manje ndine. Iwe unabwela chabe pano. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

"Mame? Mame amene anathyola thonje mpaka kugula thalakita? Mame amene anasambitsa m'bale wanu akudzionongela pogona, inu mukuti kununkha? Tsiku logawa ndinakufunsani za sukulu ya Tamara, munati kwathu kuno ana ndi a kwa amai ao, akawaone amalume ao a ku Kalindawalo. Lelo thalakita yalila, ana asanduka anu!"

Anatembenukila anthu. "Inu munalipo. Kambani. Anati chiyani tsiku lija?"

Anthu anayang'ana pansi. Amene anawatutila mchenga anayang'ana pansi. Amene anapempha kuti asaiwalidwe mvula ikagwa anali atawelenga kale kumene thalakita ipite, ndipo sanafune kudana ndi mwini watsopano. Mkulu wina wa mpingo anakonza kukhosi nati, "Amai, pelekani kiyi mtendele ukhalepo. Nkhani tidzakamba bwino pambuyo."

"Pambuyo pa chiyani? Pambuyo pa mvula?"

Jennipher anatembenukila a Whiteson.

"Ndikakusumilani, a mulamu."

"Pita. Basi ya ku Nyimba udziwa pokwelela. Koma mlandu ukamayenda, katundu akhala kwa adiministileta."

Jennipher anaima chilili. Mwina mlandu akanawina, pakuti lamulo silidana ndi amasiye. Koma akanawina chimanga cha anzake chitamasula kale, thalakita italima minda ya a Daka onse, matayala atatha. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anamva kutopa, ndipo pansi pa kutopako anapezapo kanthu kena kouma ngati mwala.

"A mulamu," anatelo ndi mau otsika, "mwabwela kudzatenga cha m'bale wanu?"

"Eya."

"Chimene anasiya Lazarous?"

"Chomwecho. Waona, ukafuna umamva."

"Anthu inu, apa pokha mwamva?"

Ena anagwedeza mitu, okondwa kuti zitha msanga.

"Ndiye tengani mmene anaisiyila."

Anatenga sipanala m'kabokosi ka pansi pa mpando, anakoka beseni lochapila, anakulunga dilesi m'miyendo n'kulowa pansi pa thalakita. Anthu anaganiza kuti kiyi anaibisa kumeneko. Anadzazindikila atamva mafuta akulila m'beseni.

"Achita chiyani?" anafunsa a Whiteson.

"Amasula mapaipi, atate," anatelo Teddy.

"Iwe mkazi! Tuluka!"

"Ndituluka ndikatha. Valuvu ndi mbuzi zanga. Mapaipi ndi mbuzi zanga. Mafuta awa nawonso ndi mbuzi zanga. Lazarous anasiya paipi yodula, ndipo paipi yodula ndiyo mutenge."

"Teddy, mukoke!"

Teddy anayenda mpaka pamene panatulukila miyendo, anawelama, n'kuima pomwepo. Anayang'ana nsalu yakuda ija.

"Atate, sanasudzulidwe."

"Ndati mukoke miyendo!"

"Mukokeni ndinu. Ine ndili ndi mwana wakhanda kunyumba. Ndikawagwila ndikalowa naye bwanji m'nyumba?"

A Whiteson anayang'ana amuna ena aja. Mmodzi anabwelela m'mbuyo, wina anayamba kufunafuna kanthu m'thumba. Ndiye anapita okha. Anawelama, anatambasula dzanja, dzanjalo linafika pafupi ndi kakolo wa Jennipher n'kuima m'malele.

"Gwilani, a mulamu," anatelo mau ochokela pansi. "Lazarous ali pompano pathupi panga, munatelo ndinu. Mupatseni moni m'bale wanu. Mumuuze chimene mwadzela."

Dzanja linabwelela lokha. A Whiteson anawelamuka, thukuta lili chuchuchu, n'kuyamba kutukwana, koma kutukwana sikumanga nati. Pabwalo panangomveka sipanala. Jennipher anamasula yolowa. Anamasula yopitilila. Yobwelela inavuta, anaikankha ndi phazi mpaka inalola, mafuta n'kumutsikila m'mikono mpaka m'khwapa. Anatuluka, anamasula valuvu pa kachitsulo ka Lazarous, kachitsuloko anakasiya. Anachotsa makapula onse awili, anawatseka ndi tizivindikilo take, n'kuika zonse m'saka. Sanafulumile. Panalibe womufulumizitsa.

Atatha anasolola kiyi pa chingwe cha m'khosi n'kuiponya m'fumbi patsogolo pa a Whiteson.

"Popeza m'manja simulandila."

"Mfiti iwe! Waononga chuma cha ana!"

"Ana ake ndi ati? Aja adya kwa inu kangati chimwalilile atate ao?"

Kuiliza sakanatha, mafuta munalibe ndipo paipi inali yasa. A Whiteson anatuma munthu kukatenga ng'ombe, anamanga unyolo kutsogolo, Teddy anakhala pa chiwongolelo mutu uli pansi. Thalakita inatuluka pabwalo ikukokedwa ngati mtembo wa nyama yofela kutchile. Anabwelelanso kudzatenga pulawo, kenaka ngolo. Palibe anaseka, palibe anaombela m'manja. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, aliyense akudziuza kuti nkhani za m'banja la eni salowelela.

Jennipher anakhala pansi pamene pankaima thalakita, saka ili pambali. Sanapambane kanthu ndipo ankadziwa. Anakhala pomwepo mpaka mafuta anauma pakhungu.

Mvula inagwa sabata lotsatila, yamphamvu, yonunkhitsa nthaka. Eni ng'ombe anatulutsa ng'ombe zao. Jennipher anatulutsa khasu. Munda umene Lazarous anaukulitsa poyembekeza thalakita unali waukulu ngati chilango, ndipo milu ya manyowa ija inayamba kumela bonongwe pamene anaithila. Ana ankathandiza akaweluka kusukulu, koma manja a ana ndi a ana. Anayambila kungodya ya kumunsi, kumene nthaka ndi yofewa, n'kuleka kuyang'ana kumtunda.

Tsiku lina akuunda mizele anaona munthu ataima m'malile a munda. Anali Charity, wopanda chidebe, wopanda khasu, manja atawabisa m'chitenje.

"Mwachoma bwanji, amake Tamara?"

"Mmene muonelamu."

"Mvula yagwa bwino."

"Kwa olima."

Charity anayandikila, akuponda mosamala pakati pa mizele. "Kwathunso sitinalime. Teddy anayesa kulumikiza paipi ija ndi malegeni ndi waya, anagula mafuta, atangoliza zinaphulika, mafuta onse pansi. Anapita ku Kacholola, a Njobvu ati manja adzaza mpaka mvula ithe. Mapaipi ena ati mpaka ku Lusaka, ndiye kuti tigulitse ng'ombe, ndipo ng'ombe atate ake Teddy akana. Ili chabe pansi pa mtengo. Nkhuku ziikilamo."

"Ndiye mwadzandiuza za nkhuku?"

"Andituma. Ati mubweze mapaipi. Munda wanu ndiwo ayambe kulima, wonse, dizilo ndi yao. Ati ndi kusudzula akusudzulani mwezi uno."

Jennipher anatsamila mpini. Anayang'ana kumtunda kumene anali ataleka kuyang'ana, udzu ukubiliwila kale. Thalakita ikanatha zonsezo dzuwa lisanapendeke. Matuza a m'manja anali ataphulika n'kumelanso ena, msana unkamveka ngati wa munthu wina amene wamubweleka. Ndipo kuvula chakuda, kukhala pakati pa azimai anzake kutchalitchi, wina n'kumugwila paphewa. Charity anayamba kuganiza kuti zatheka.

"Mukawauze abweze thalakita pamene anaitenga, kiyi m'manja mwanga, pamaso pa anthu omwe aja. Ndimanga mapaipi tsiku lomwelo, ndipo ndiyamba ndi munda wanu."

"Mudziwa kuti sangavomele. Ati bola ichite dzimbili."

"Ndiye ichite dzimbili."

"Nanga ana adya chiyani chaka chino?"

"Pamene khasu ili lifike. Pochepa. Tidzaonda, amake Teddy, sindinama. Koma ndikapeleka mapaipi, chaka chino andilimila, chaka chamawa ndidzagwada kaye, chinacho adzati munda nawonso ndi wa banja. Walila mvula walila matope. Ndikalila pulawo yao, ndalila goli lao."

Jennipher anawelama kuti apitilize, koma Charity sanachoke. Anaima akukumba nthaka ndi chala cha kuphazi.

"Pali china?"

"Atate ake Teddy sagona bwino masiku ano. Mutu, chizungulile. Mailo anagwa kukhola, tinachita kuwanyamula." Charity anatsitsa mau, ngakhale m'mundamo munali iwo awili okha. "Tinawagoneka pamphasa, abale anabwela kudzaona. Mlongo wao analowa, anakhala pansi, koma maso sanali pa wodwala. Anali pa makina anga osokela. Anafunsa kuti kodi asoka bwino."

Jennipher anaika khasu pansi.

"Ndinagula ndekha, amake Tamara, ndi kusoka mayunifomu. Iwo sanaikepo ngakhale singano. Ndimati, kaya, mwina ndingasungize kwa inu."

Panali mwambi woyenela pamenepo, aliyense audziwa, koma Jennipher analibenso mphamvu zoponyela miyambi. Anayang'ana mkazi mnzakeyo kuyambila ku duku mpaka ku mapatapata, mkazi wobwela ngati iye, mlendo ngati iye.

"Kwa ine? Nyumba yanga anaiyang'ana kale malata. Pelekani kwa amai anu, ndipo lelo, asanagwe kachiwili. Mumasule mutu wa makinawo muike m'chidebe, pamwamba muthile chimanga, mukati mupita kuchigayo. Miyendo yake mudzatenge tsiku lina. Ndipo musauze Teddy. Ndi mwana wanu, koma tsiku logawa adzakhala kumbali ya amuna."

Charity anacheukila kumudzi. Anakonza chitenje, anatembenuka, n'kuyamba kuyenda. Atafika m'malile a munda anayamba kufulumila.

Jennipher analavulila m'manja n'kukweza khasu. Mzele unali usanafike n'komwe pakati.